Ndime 14

Ndinatuluka m'nyumba ija Lachiwiri usiku,
chipale chofewa chikugwa pa Indiana yense,
zovala zanga zili m'matumba awiri a zinyalala
chifukwa sutikesi anali atandibisira.
Pamwamba pa khomo zilembo zitatu za Chigiriki
zinkawala ngati kale.
Kiyi ndinamusiya pa tebulo la m'khitchini,
pambali pa kapu yoyanga nkhungu.

Ndinkayesa kuchoka ndi miyendo basi.

Patatha sabata ziwiri kalata inandipeza.
A Whitcomb, msungichuma wa madoda
amene anagonamo zaka makumi atatu zapitazo,
akuti ndili ndi ngongole ya madola 4,860:
lendi ya chipinda nambala 9 mpaka Meyi,
chakudya chimene sindidzadya,
ndi chindapusa chosiyira ubale.
Onani ndime 14, akutero. Munasaina nokha.

Ndinasainadi, mu Ogasiti, pa boneti ya galimoto,
nyimbo zikugunda, wina atandikoleka dzanja m'khosi,
ndipo mayi anga anasaina m'munsi mwanga
atavala yunifolomu ya kuchipatala, akuthamangira ntchito.
Masamba khumi ndi asanu ndi awiri.
Ndani amawerenga pepala lochokera kwa abale ake?

Chibale n'fupa, sichiola,
ankatero potilumbiritsa m'chipinda chapansi,
makandulo akutidonthera pa zala.
M'chipinda chomwecho Ansel anagona pa simenti,
milomo ili bii, botolo lachiwiri lisanathe,
iwo akuti musiyeni, adzuka yekha,
wina asakhudze foni.
Ine ndinaikhudza.

Ansel ali moyo. Sandipatsa moni.

Pano ndimagona pamwamba pa shopu yochapira zovala.
Makina akazungulira pansipo bedi limanjenjemera
ndipo sindidziwa ngati ndi makinawo kapena ndine.
Kumene ndikukhala sindinauze munthu,
koma Loweruka ndinapeza matayala awiri ataphwa,
pa galasi wina atalemba ndi chala m'chipale:
9.
Nambala yokhayo.

Pali pikapu yofiira imaima tsidya la msewu,
injini ikulira, nyali zili zozima.
Garrett ali ndi pikapu yofiira.
Theka la tauni ino lilinso ndi pikapu yofiira,
anatero wapolisi uku akuyasamula,
nawonjezera kuti akandigwira m'thupi ndidzabwerenso.
Garrett yemweyo anandibereka kumsana chaka chatha
nditathyoka bondo pa mpira,
njira yonse akundiimbira zopanda pake kuti ndiseke.
Izi sindinamuuze wapolisi. Akanazilemba pati?

Loya wa ophunzira, Mayi Villanueva,
anawerenga ndime 14 kawiri, magalasi ali pa nsonga ya mphuno,
nati pali kamng'alu apa, kakang'ono,
makamaka ngati m'chipindamo alowetsamo wina.
Alowetsamo. Ndinaona nyali ikuyaka,
ndi mbendera ya timu ina pa zenera langa.
Sungani zonse, anatero, tsiku, ola, uthenga uliwonse,
ndipo musayankhe.

Choncho ndili ndi kope lobiriwira.
Ndinabwera kuno kudzaphunzira za miyala ndi zivomezi,
koma ndikulemba: Lachinayi, 11:40, pikapu, mphindi makumi awiri.
Popita ku kalasi ndimadzera kuseri kwa laibulale,
mawa lake kwa ogulitsa njinga,
ndipo usiku mpando umagona utachirikiza chitseko.

Dzulo mayi anaimba.
Akuti tingolipira, mwanangu, pang'onopang'ono,
nditenga mashifiti a Lamlungu,
ndalama ndi masamba, zimaphukanso, iwe suphuka.
Ndinakhala chete mpaka anafunsa ngati foni yaduka.
Ndinati ayi, amayi, musapereke ngakhale senti,
ndipo mawu anga anatuluka ngati a munthu wamkulu
amene sindinakumane naye.

Mlandu ulowa pa 11 Febuluwale, m'mawa.
Malaya oyera ndasita kale, ali pa msomali.
Tayi ndili nayo imodzi yokha,
ija anandiveka tsiku lolumbira.
Ndaiyang'ana usiku wonse.
Pansipa makina ayambanso kuzungulira.